Za alongo awo a agogo amene anatsala ku nkhondo ya Chiwaya

Malume a ku Blantyre:
Abale nonse a pa gulu lino, landirani moni. Monga tinagwirizana pa msonkhano wa kumudzi, chaka chino mvula isanagwe timanga chiliza cha agogo athu, ndipo mmisiri wozokota pa mwala wapempha kuti timupatse mawu onse pamodzi kuti ayambe ntchito. Pali nkhani imodzi imene ndikufuna kuti tiikambirane tisanatumize mawuwo. Agogo anali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, amene analembedwa usilikali wa King's African Rifles, gulu la asilikali a boma la atsamunda, ku Zomba pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, ndipo sanabwerenso. Anamwalira ndi kamwazi ali mnyamata wosakwatira, moti kumanda kwathu kulibe mtumbira wake. Maganizo anga ndi akuti dzina lake lilembedwe m'munsi mwa dzina la agogo pa mwala womwewo. Ndikupempha akulu ndi ana omwe kuti aliyense anene za kukhosi kwake tisanalipire mmisiriyo.

Amayi aakulu a kumudzi:
Achimwene, mwachita bwino kuibweretsa nkhaniyi poyera, chifukwa ife amene tinaimva kuchokera pakamwa pa agogo tatsala ochepa. Ine ndinakulira m'nyumba mwawo, ndipo ankandisimbira nkhaniyi madzulo tikamatong'ola chimanga, koma pokhapokha tikakhala awiri.

Ankati chaka chimenecho amesenjala a kwa bwanamkubwa wa boma la Ntcheu ankazungulira m'midzi kufuna amuna a tengatenga, ndipo mfumu imene yalephera kupereka anthu inkakhala pa mlandu. Amuna ambiri ankagona kutchire pothawa. Alongo awo aja anaona kuti tsiku lina adzagwidwa ndithu, choncho anasankha kupita okha kukalembetsa usilikali, poganiza kuti msilikali ali ndi yunifolomu, mfuti ndi malipiro, kusiyana ndi kusenza katundu wa ena pamutu. Anachoka anthu atakolola, m'chaka cha 1917, agogo ali kamtsikana kosatha msinkhu, ndipo anawaperekeza mpaka kumtsinje.

Uthenga wa imfa unabwera nkhondo itatha, ndi bambo wina wa mudzi woyandikana nawo amene anali naye m'gulu limodzi. Bamboyo anafikira kwa mfumu, anakhala pansi, n'kutulutsa bulangeti ndi kachitsulo kozungulira kokhala ndi nambala. Anafotokoza kuti mnyamatayo anayamba kutsegula m'mimba ali pa ulendo wothamangitsa Ajeremani m'dziko la Apwitikizi, limene lero ndi Mozambique, ndipo anayendabe masiku angapo akuchita magazi, mfuti ili pa phewa, mpaka miyendo inakana. Anamunyamula pa machira milomo itauma, akungopempha madzi, ndipo anamusiya pa msasa wa odwala umene unali wa zisakasa za udzu, gulu lonse n'kupitirira. Bulangeti ndi kachitsuloko anapatsidwa pobwerera. Kumudzi anakhuza maliro ndipo anameta, koma sanakumbe manda.

Chimene chinkawapweteka agogo kwambiri ndi mawu a anthu. Amuna amene anabwerako ndi zipsera ankatamandidwa pa mowa, koma za mlongo wawo ena ankati sanafe ndi chipolopolo, anangofa ndi m'mimba ngati khanda. Kuyambira pamenepo agogo analeka kumutchula pa gulu. Ine ndikuvomereza ndi mtima wonse kuti dzina lilembedwe, ndipo kachitsulo kaja ndili nako m'bokosi.

Mdzukulu wa ku Johannesburg:
Amalume ndi amayi aakulu, zikomo chifukwa chotiuza ife ana zimene sitinkazidziwa. Ndikupempha kuti mundikhululukire ngati funso langa likhala lolemera. Dzina lawo lilembedwe, pamenepo ndilibe mawu, koma mtima wanga ukukayika pa zolemba kuti anali msilikali wa King's African Rifles. Nkhondo imeneyo inali ya Angerezi ndi Ajeremani, yolimbirana maiko a eni ake, ndipo gulu lomwelo la asilikali ndi limene atsamunda ankagwiritsa ntchito poopseza anthu athu. Chaka chilichonse pa 15 Januwale timakumbukira a John Chilembwe, amene anakana poyera kuti anthu akuda azikafa pa nkhondo imeneyi. Kodi sitikhala ngati tikunyadira goli limene anatisenzetsa tikalemba dzina la gulu la atsamunda pa manda a agogo athu?

Atsibweni aphunzitsi opuma:
Mphwanga wa ku Johannesburg, funso lako ndi loyenera, ndipo usapepese. Ndilongosola pang'ono mmene zinthu zinalili, kenaka ndinena maganizo anga.

Nkhondoyi inafika kwathu kuno msanga kwambiri. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inawononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann tsidya lija la nyanja, ndipo pa 9 Sepitembala chaka chomwecho kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Imfa za ku Karonga ndi zimene zinachititsa a Chilembwe kulemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Mfundo ya kalatayo inali yakuti anthu olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda ndi amene azipita kukawomberedwa, osati amphawi amene alibe kanthu pa dziko lino, amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Pa 23 Januwale 1915 anaukira boma, ndipo kwathu konkuno ku Ntcheu a Filipo Chinyama anali nawo m'chikonzero chimenecho. Choncho pamene mnyamata wathuyu ankapita ku Zomba mu 1917, anthu a kwathu anali ataona kale ndi maso awo chimene chimachitikira munthu wokana boma.

Kuyambira 1916 asilikali a kuno ankatsogoleredwa ndi General Edward Northey, ndipo analowa m'dziko la Ajeremani, limene lero ndi Tanzania. Ambiri ankakwera sitima ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, ndipo ngakhale sitima ya mishoni ya Chauncy Maples inatengedwa kuti izinyamula asilikali ndi katundu. Mu Novembala 1917 mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa m'Mozambique, ndipo kwa miyezi yambiri ya 1918 asilikali athu ankamutsata wapansi m'nkhalango za kumpoto kwa dzikolo, iye n'kufika mpaka kufupi ndi Quelimane asanabwerere. Anadzagonja ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, patatha milungu iwiri nkhondo itatha ku Ulaya. Poyerekeza ndi zimene amayi aakulu afotokoza, zoti anadwalira m'dziko la Apwitikizi, imfa yake inagwa m'chaka cha 1918.

Akatswiri a mbiri amati dziko lathu linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi a tengatenga pafupifupi 200,000, pa nthawi imene anthu onse m'dziko muno ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Taganizani midzi imene inatsala yopanda amuna olima. Pa nkhondo ya kum'mawa kwa Africa anthu amene anafa ndi matenda ndi njala anali ochuluka kutalitali kuposa amene anafa ndi zipolopolo, ndipo nkhondo ikutha kumene, mliri wa fuluwenza unalowanso m'misasa ndi m'midzi kumapeto kwa 1918.

Tsono maganizo anga, mphwanga, ndi awa. Mnyamata wathuyu ndi mmodzi mwa amphawi enieniwo amene a Chilembwe ankawalira m'kalata yawo. Tikabisa kuti anali msilikali, tibisanso chimene chinamupha, ndipo mwana wodzawerenga mwalawo adzangoganiza kuti anali munthu amene anapita ku ulendo n'kutchona. Ine ndikufuna kuti adzadziwe kuti nkhondo inalowa m'nyumba mwathu n'kutenga mwana wamwamuna yekhayo.

Mdzukulu namwino wa ku Zomba:
Makolo anga, mawu aja akuti anangofa ndi m'mimba andikhudza kwambiri, ndipo ndikufuna ndinenepo monga munthu amene ndimasamalira odwala matenda amenewa. Kamwazi amayamba ndi tizilombo timene timalowa m'thupi kudzera m'madzi ndi chakudya chodetsedwa, ndipo ntchentche zimathandiza kutifalitsa. Tizilomboti timachita zilonda m'matumbo, n'chifukwa chake munthu amachita magazi ndi zonanda, amamva kupotokola koopsa, amatentha thupi, ndipo madzi amatha m'thupi mwake. Milomo youma ndi kupempha madzi kosalekeza kumene amayi aakulu atchula ndi zizindikiro zimene timaziona mpaka lero kwa wodwala amene wabwera mochedwa.

Masiku ano wodwala wotere timamugoneka, timamupatsa Thanzi kapena madzi a m'diripi, timamupatsa mankhwala opha tizilombo, ndipo ambiri amachira. Mankhwala opha mabakiteriya amene timadalira anayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ndipo njira yomwetsa madzi a mchere ndi shuga inafala m'zaka za m'ma 1970. Mu 1918 ziwirizi kunalibe. Komanso anthu zikwizikwi akamayenda pamodzi, kumwa m'zithaphwi zomwezo, kudzithandiza patchire pafupi ndi pogona, kudya nsima ya ufa wovunda yophikidwa mothamanga, matendawa sangalephere kugwira anthu. Onjezanipo malungo, chibayo chifukwa chogona pa mvula, ndi matekenya m'mapazi.

Chimene ndikufuna kutsindika ndi chakuti munthu wodwala kamwazi amavutika ngakhale kudzuka pa mphasa. Ngati agogo athuwa anayendabe masiku angapo atasenza mfuti, ndiye kuti anapirira ululu umene ambiri a ife sitingaupirire. Akanakhala kumudzi, akumwa madzi a pa chitsime cha kwawo, sakanakumana ndi zimenezi. Nkhondo ndi imene inawapha, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Alamu msilikali wopuma:
Eni mbumba, ndiloleni ine mkamwini ndiponyepo mawu, popeza nkhaniyi ikukhudza ntchito imene ndinagwira. Ndinali m'gulu la asilikali a Malawi amene tinkalondera njanji ya ku Nacala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, m'dera lomwelo la kumpoto kwa Mozambique, ndipo tchire limenelo ndikulidziwa. Ife tinali ndi galimoto, wailesi za mauthenga ndi mankhwala, komabe malungo ankagwetsa amuna amphamvu. Iwo ankayenda wapansi mtunda wonsewo.

Pa chisilikali, munthu amene wamwalira ali pa ntchito amalandira ulemu umodzimodzi, kaya wafa ndi chipolopolo kaya ndi matenda, ndipo lipenga limene timamuimbira ndi lomwelo. Amene amasiyanitsa ndi anthu amene sanapiteko. Pa Lamlungu lachiwiri la Novembala, pamene dziko limakumbukira asilikali ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, sitifunsa kuti uyu anafa bwanji. Ndiwonjezere kuti pa chipilala cha King's African Rifles chimene chili pafupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba panalembedwa mayina ambirimbiri a asilikali amene anafa pa nkhondo yoyambayo. Popeza kachitsulo ka nambala kalipo, ndi bwino wina apite akawerenge mayinawo mofatsa.

Mdzukulu wa ku London:
Agogo, amalume ndi azakhali, ndawerenga zonse ndipo misozi yandilengeza. Ndikufuna kuwonjezera zimene zinachitika kuno zokhudza anthu ngati agogo athuwa. Kuli bungwe lotchedwa Commonwealth War Graves Commission limene limasamalira manda a asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu, ndipo lamulo lake linali lakuti aliyense akumbukiridwe ndi dzina lake mosayang'ana udindo kapena mtundu. Mu Epulo 2021 bungweli linatulutsa lipoti lovomereza kuti lamuloli silinatsatidwe kwa anthu akuda ndi a ku Asia. Lipotilo linati anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya nthawi imeneyo, a Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Ku Dar es Salaam, ku Nairobi ndi ku Mombasa anangoimika zipilala za asilikali ndi a tengatenga zopanda mayina, pamene mzungu aliyense amene manda ake anapezeka anapatsidwa mwala wakewake.

Ndikaganiza zimenezi, ndimaona kuti achimwene a ku Johannesburg ndi atsibweni aphunzitsi akudandaula chinthu chimodzi. Amene anamutenga sanasamale zosunga malo amene anamuika. Ngati nafenso tisiya dzina lake, ndiye kuti tamaliza ntchito imene iwo anaiyamba. Bungweli lili ndi tsamba la pa intaneti pamene munthu angafufuze ndi dzina kapena nambala, choncho amayi aakulu akandijambulira kachitsuloko ndifufuza.

Azakhali a ku Dedza:
Ana inu mwalankhula zanzeru, koma pali mbali ya mwambo imene sitiyenera kuidumpha. Manda si malo a banja lathu lokha, ali m'manja mwa mfumu ndi adzukulu okumba, ndipo kulemba dzina la munthu pa chiliza chimene pansi pake palibe thupi lake si chinthu chimene anthu a kwathu anachizolowera. Ena adzafunsa kuti tamuika liti, ndipo ena adzayamba kunong'ona zimene sitikuzifuna. Sindikukana, koma ndikupempha kuti achimwene a ku Blantyre, monga mwini mbumba, apite okha kwa mfumu kukafotokoza tisanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, ndipo abusa nawonso adziwitsidwe kuti pa tsiku lovundukula adzatchule mayina onse awiri m'pemphero.

Chachiwiri, mawu akuti kamwazi ine sindikuwafuna pa mwala. Ndamva zimene mwana wathu namwino wafotokoza ndipo ndazivomereza, koma pa manda sitilemba matenda a munthu, ndipo agogo anavutika kale mokwanira ndi mawu amenewo.

Mdzukulu namwino wa ku Zomba:
Azakhali, ndamva ndipo sindikukakamira kuti dzina la nthendayo lilembedwe. Pempho langa ndi lakuti tisalembe mawu opangitsa anthu kuganiza kuti anaphedwa pomenyana, chifukwa tikatero tivomereza maganizo a anthu aja amene ankati imfa ya matenda ndi yochepa. Tingolemba kuti anamwalira ndi matenda ali ku nkhondo, ndipo ana akadzafunsa tidzawafotokozera zonse pakamwa.

Mdzukulu wa ku Johannesburg:
Atsibweni, zimene mwafotokoza za a Chinyama ndi za amesenjala ogwira anthu zandithandiza kuona mmene mnyamatayo anapanikizikira. Ndikuvomera kuti palembedwe kuti anali msilikali. Komabe dzina la gulu la mfumu ya ku England ndikupempha kuti lisakhale pa mwala wa agogo, likhale m'zolemba zimene tisunge pa banja. Ndiponso ndili ndi funso kwa amayi aakulu. Ngati amuna a tengatenga anali ochuluka chotero, kodi pa mtundu wathu panalibe ena amene anatengedwa? Ndikuopa kuti tingakumbukire wa yunifolomu yekha n'kuiwala amene analibe ngakhale kachitsulo ka nambala.

Amayi aakulu a kumudzi:
Mwana wanga, wafunsa bwino. Analipo atsibweni awo a agogo, amene anagwidwa usiku n'kupita kukasenza katundu cha ku Karonga. Iwo anabwerako, koma ataonda kwambiri ndi chifuwa chimene sichinathe, ndipo sanalimenso mpaka anamwalira patapita zaka zochepa. Ankasimba kuti katundu wa munthu mmodzi anali wolemera ngati mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo wodwala akagwa panjira, katundu wake ankagawira anzake, iye n'kutsala pomwepo. Manda awo alipo, ali pafupi ndi mtengo wa mkuyu uja, koma alibe chizindikiro chilichonse kupatula miyala imene tinazungulizapo. Amene tikuwadziwa malowo tatsala awiri, ine ndi azakhali anu a ku Dedza.

Atsibweni aphunzitsi opuma:
Achemwali, zimenezi ngakhale ine ndikuzimva koyamba, ndipo ndikupempha kuti ana a kumudzi akujambuleni mawu pa foni mukufotokoza zonsezi mwadongosolo, ndi mayina a midzi ndi a mafumu a nthawi imeneyo. Mayina amenewo ndi ofunika pofufuza, chifukwa m'mabuku a usilikali ankalemba dzina la munthu pamodzi ndi mudzi, mfumu ndi boma lake. Ku Zomba komweko kuli National Archives, kumene kumasungidwa zolemba zakale za boma, ndipo ndi bwino kukafunsanso kumeneko. Pa za manda a atsibweni a tengatenga aja, ine ndipereka ndalama ya kamwala kakang'ono, kuti ntchito yonse ichitikire limodzi.

Pempho la mphwanga loti dzina la gululo lisalembedwe ndalilandira, ngakhale ine ndikanakonda litakhalapo kuti wofufuza wa m'tsogolo asadzavutike. M'malo mwake tilembe nambala yake ya usilikali, chifukwa imeneyo ndi yake yekha.

Malume a ku Blantyre:
Zikomo nonse. Azakhali anu anena zoona pa za mfumu, ndipo ndipita ndekha kumapeto kwa mwezi uno, nditatenga nkhuku monga mwa mwambo, ndipo ndikaonananso ndi abusa. Mawu amene ndikufuna kupereka kwa mmisiri, m'munsi mwa dzina la agogo, ndi awa: dzina lake, kenaka “mlongo wawo, msilikali, anamwalira ndi matenda ali ku nkhondo ku Mozambique, 1918”, kenaka nambala yake. Ndaikamo dzina la dzikolo dala, kuti aliyense wowerenga adziwe kuti thupi lake silili pamenepo, ndipo nkhawa ya azakhali ithe. Mmisiri ndimuuza kuti adikire kaye mpaka amene akufufuza atiuze zimene apeza, chifukwa mwina chaka kapena kalembedwe ka dzina kangasinthe.

Azakhali a ku Dedza:
Mawu amenewo ndawalandira, achimwene. Pa tsikulo ine ndidzawasonyeza ana manda a pa mkuyu paja.

Mdzukulu namwino wa ku Zomba:
Loweruka likubwerali sindili pa ntchito, choncho ndipita ku chipilala m'mawa, ndipo alamu akakhala ndi mpata ndikupempha kuti tipitire limodzi popeza iwo akudziwa kawerengedwe ka maudindo ndi magulu a asilikali. Amayi aakulu, chonde anawo ajambule kachitsuloko mbali zonse ziwiri pa dzuwa, atakapukuta ndi kansalu kouma kokha, osakapala ndi mchenga kapena phulusa, kuti manambala angafufutike. Mundilemberenso mayina onse amene ankadziwika nawo, la ubwana, la kuchinamwali ndi la bambo awo, chifukwa atsibweni anandiuzapo kuti anyamata ena ankalembetsa usilikali ndi dzina lina, ndipo alembi achizungu ankalemba mayina athu mmene awamvera. Ku National Archives ndidzapita mkati mwa sabata, tsiku limene ndidzakhale nditagwira ntchito ya usiku.